Kusaka mbale za nyimbo, makaseti ndi ma CD mukapita m'tauni: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kuchokera kwa anthu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene amakonda nyimbo zakale: aphunzitsi, ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi, anyamata oliza nyimbo pa maukwati, ndi ena amene anapeza galamafoni ya malemu bambo awo m'nyumba ndipo akufuna kuimvanso ikulira. Ambiri amafunsa ali pafupi kunyamuka ulendo wa ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni. Ndayamba ndi ophweka, ovutirapo ali kumapeto.

Kodi masitolo ogulitsa mbale za nyimbo alipobe?

Kunja alipo, ndipo m'mizinda ina achuluka chifukwa achinyamata ayambanso kukonda mbale zakuda zija. Kwathu kuno nkhani ndi ina. Musayembekezere kulowa m'sitolo n'kupeza mashelefu a mbale kuyambira pakhomo mpaka kumbuyo. Amene anakula m'zaka za m'ma 1990 akukumbuka kwa O.G. Issa ku Limbe, kumene mavenda ankapikula makaseti ndi ma CD m'makatoni n'kumakagulitsa pa Luchenza, pa Chitakale, pa Limbuli ndi m'misika ina yonse. Malonda amenewo anazilala nyimbo zitayamba kuyenda pa memori khadi ndi pa fulashi.

Katunduyo sanathe ayi, anangobalalika. Ali m'masutikesi pansi pa mabedi, kuseri kwa benchi ya wokonza mawayilesi, m'chipinda chosungiramo mabotolo cha bala yakale. Choncho mukamanyamuka, dziwani kuti mukukasaka munthu wosunga nyimbo. Mukamupeza ameneyo mwapeza sitolo, ngakhale pakhomo pake palibe chikwangwani.

Mbalezi n'zamitundu ingati, ndipo woyamba kumene agule ziti?

Mitundu ndi itatu, ndipo imadziwika ndi maulendo amene mbale imazungulira pa mphindi imodzi. Za 78 ndiye zakale kwambiri, zolemera, zouma gwa, ndipo zikagwa pansi zimasweka ngati mbale yadothi. Ndi zimene agogo athu ankabwera nazo kuchokera ku migodi pa nthawi ya Wenela, pamodzi ndi galamafoni yopukusa pamanja. Za 45 ndi zazing'ono, mainchesi 7, nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndipo ndi zimene zinkalira m'mabala ndi m'madisiko. Za 33, zotchedwa LP, ndi zazikulu mainchesi 12, ndipo mbali imodzi imatenga nyimbo zingapo. LP inayamba mu 1948, ya 45 mu 1949, kaseti inabwera mu 1963, CD mu 1982.

Woyamba kumene agule za 45 ndi LP, chifukwa makina amodzi amatha kuliza zonse ziwiri. Za 78 zili ndi zofuna zake, zimene ndafotokoza pa funso la makina olizira.

Ndikatsika ku Limbe ndiyambire pati?

Kaya mwadzera msewu wa Midima, kaya wa ku Thyolo kudutsa pa Bvumbwe, mukatsika minibasi musathamangire masitolo akuluakulu. Yambani ndi okonza mawayilesi. Sindikunena mnyamata wokonza mafoni ayi. Sakani bambo wachikulire amene pa benchi pake pali mawayilesi a kaseti otsekulatsekula, masipika ong'ambika, kachitsulo kowotcherera mawaya kali pambali, ndi kachitini kodzaza timasikuluu. Munthu ameneyu amadziwa aliyense mumzindamo amene akadali ndi galamafoni, chifukwa lamba wozungulitsa mbale akaduka kapena singano ikatha onse amathera kwa iye. Nthawi zina iye mwini amakhala ndi mbale ziwiri zitatu zoyesera makina, ndipo kawirikawiri zimakhala nyimbo zabwino, poti munthu sayesera makina ndi nyimbo imene saikonda.

Mukachoka pamenepo pitani kwa ogulitsa katundu wakale wa m'nyumba, amene amagula mipando, mafiriji ndi makabati kwa anthu osamuka. Amapezeka m'mbali mwa misika ya ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Ndirande. Iwowa mbale saziika poonekera chifukwa saziwerengera. Zimakhala m'katoni pansi pa tebulo kapena m'kabati imene akugulitsayo, ndiye muyenera kuchita kufunsa. Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu nawonso muwafunse. Pomaliza pali madijeyi akale a madisiko, eni mabala amene anatsegula kalekale, ndi anthu amene anagwirapo ntchito ku wayilesi. Awa simungawapeze poyenda mumsewu, wina amachita kukulozerani.

Njira yomweyi imagwira ntchito ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Fikani m'mawa, pakati pa sabata, wokonza mawayilesi asanapanikizike ndi makasitomala. Ndipo musaphatikize ulendowu ndi wokagula feteleza kapena wokaona wodwala ku Queens, chifukwa kusaka mbale kumafuna tsiku lakelake.

Ndifunse bwanji kuti andimvetse komanso andithandize?

Moni kaye, ndipo mudzitchule kumene mwachokera. "Bambo, mwadzuka bwanji? Ndachokera ku Mulanje, ndikusaka mbale za galamafoni, zakuda zija zoliza ndi singano. Mungadziweko amene amasunga?" Mukhale ndi chithunzi cha mbale mufoni, kapena nyamulani ya 45 imodzi m'chikwama, chifukwa achinyamata ambiri ogulitsa m'misika sanaionepo.

Tchulani mtundu wa nyimbo zimene mukufuna: simanjemanje, kanindo, rumba ya ku Congo, kalindula, kwela, kapena nyimbo za Jim Reeves ndi Don Williams. Munthu wachikulire akamva mayina amenewa nkhope imasintha, ndipo mmalo mokuyankhani mwachidule amayamba kukumbuka kuti uje wa ku Bangwe anali nazo, uje wa ku Zingwangwa ankaliza pa maukwati. Woyamba amakutumizani kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu. Musatope panjira, safunsa anadya phula. Amene wasiya ntchito yake n'kukuperekezani, musamusiye chimanjamanja. Ndipo paliponse siyani nambala ya foni, chifukwa katundu wamtunduwu amatulukira mwadzidzidzi, wina akamasamuka kapena akamasesa m'nyumba.

Malo abwino ndingawadziwe bwanji nditangolowa?

Yang'anani kaye mmene mbale aziikira. Ngati zaimikidwa chilili m'mabokosi, moti mutha kumaziona imodziimodzi ndi zala, mwini wake amadziwa chimene akugulitsa. Ngati zasanjikizidwa chogona mulu wofika m'chiuno, kapena zayalidwa pakhonde padzuwa, zambiri mwa izo zapindika kale.

Kenako onani ngati pali poyesera, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu kuposa zonse. Wogulitsa amene ali ndi makina pafupi, n'kukulolani kumva mbali zonse ziwiri musanatulutse ndalama, alibe chobisa. Ngati magetsi azima, dikirani kapena mubwerenso masana. Ngati makina alibe n'komwe, mtengo utsike, chifukwa mukugula chinthu chimene simunachimve.

Muyeseninso ndi funso, monga lakuti, "Muli ndi chiyani cha ku Zambia cha m'ma 1970?" Wodziwa ntchito yake amadzuka n'kulunjika pa bokosi lake, apo ayi amanena mosabisa kuti alibe koma mupite kwa uje. Wogulitsa amene amakutumizani kwa mnzake ameneyo musamutaye, mudzabwererenso kwa iye. Kukongola kwa malo sikunena kanthu. Malo ena owala, a magalasi, amangokhala ndi mbale zatsopano zodula zimene mungazipeze kulikonse, pomwe kachipinda kafumbi kuseri kwa msika kali ndi zimene mwakhala mukuzisaka.

Bwanji osangofufuza pa foni?

Ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Nairobi kapena ku London zimatheka. Lembani mawu akuti record store kapena vinyl pa Google Maps, werengani zimene anthu alemba posachedwapa, onani zithunzi za mkati, kenako imbani kapena lembani pa WhatsApp musanakwere galimoto, chifukwa masitolo ang'onoang'ono amasamukasamuka ndipo ena satsegula masiku onse. Ku Blantyre mapu adzakulozerani ku situdiyo zojambulira nyimbo kapena kogulitsa masipika. Chothandiza kuno ndi kulemba pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kutatsala sabata kuti munyamuke, kunena chimene mukufuna ndi tsiku limene mudzafike.

Ndingapeze mbale za oyimba a kuno kwathu, monga Allan Namoko?

Funso ili limafunsidwa kwambiri ndi anthu a ku Thyolo, ndipo m'pomveka, poti Namoko ndi mwana wa m'boma limeneli. Anali wosaona, ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndipo anamwalira mu 1995. Koma mukamusaka pa mbale yakuda mudzavutika. Nyimbo zake zambiri anthu anazidziwira pa wayilesi ya MBC ndi pa makaseti. Kampani ya Pamtondo ya ku Scotland inatulutsa nyimbo zake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zimenezo n'zimene muyenera kufunsa kwa ogulitsa akunja.

Chifukwa chake n'chakuti mbale zambiri zimene zinkalira m'Malawi zinkadindidwa kunja: ku Johannesburg kumene kunali Gallo, kampani imene inayamba mu 1926, ku Zimbabwe, ku Ndola kumene kunali Teal ndi Zambia Music Parlour, ndiponso ku Nairobi. Oyimba athu ambiri ankajambula ku MBC, imene inayamba mu 1964, ndipo nyimbozo zinkatsala pa matepi a wayilesi osafika pa mbale. N'chifukwa chake m'katoni ya mbale 50 mutha kupezamo Mahotella Queens, Soul Brothers, Franco ndi Devera Ngwena, koma ya Mmalawi osapezamo ngakhale imodzi.

Zilipo ndithu zochepa. Kampani ya Nzeru ya ku Blantyre inatulutsa mbale za 45 za oyimba a kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Mukaona dzina limeneli pakati pa mbale, musaisiye, ngakhale itakalika. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, mu 1967, ndipo nyimbo zawo zina zinatuluka pa mbale ku Austria komweko, choncho n'kosavuta kuzipeza ku Ulaya kusiyana ndi ku Chileka. Wofufuza wina, Hugh Tracey, anajambula nyimbo za m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950. Zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa, ndipo kampani ya SWP Records ya ku Netherlands inatulutsanso zina pa CD.

Za oyimba a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, monga Robert Fumulani, Alleluya Band ya ku Balaka, Lucius Banda ndi Evison Matafale, sakani makaseti ndi ma CD. Ndipo kaseti yoyambirira yokhala ndi chikuto chake musaipeputse. Pa chikutopo m'pamene pamalembedwa situdiyo, chaka, ndi mayina a amene analiza gitala ndi ng'oma, zinthu zimene fulashi siisunga.

Nanga mlendo wobwera ku Mulanje kapena ku Thyolo angapeze chiyani kunoko?

Pa Chitakale, pa Luchenza, pa Thyolo boma ndi pa Limbuli mudzapeza anyamata a makompyuta oika nyimbo pa memori khadi. Ena mwa iwo amasunga nyimbo za oyimba a m'midzi yozungulira ndi za kutsidya ku Milange zimene simungazimve pa wayilesi za m'tauni, ndiye n'koyenera kukhala pansi n'kumvetsera. Mukapeza woyimba amene wakusangalatsani, funsani kumene amakhala mukagule kwa mwini wake. Makwaya a mipingo, monga a ku Malamulo ku Makwasa ndi a ku Mulanje Mission, ndiponso magulu ena oyimba zauzimu, amagulitsa okha nyimbo zawo pa misonkhano. Mu October pa Chonde pamakhala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, pamene mungaone magulu a tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wake mu 2014, ndi kufunsa atsogoleri a maguluwo ngati anajambulapo.

Mbale zakuda nazo zilipo m'maboma awiriwa, mwina kuposa mmene anthu amaganizira. Amuna ambiri a kuno anapita ku migodi. Komanso mamanejala a m'maesiteti pochoka ankagulitsa kapena kusiyira katundu ophika, alonda ndi madalaivala awo. Funsani monga ndanenera pa funso la kafunsidwe, kuyambira kwa wokonza mawayilesi wa pa tauni.

Ndikupita ku Joni, ku Cape Town kapena ku Nairobi. Mungandilozere kuti?

Ku Johannesburg kuli Mr Vinyl pa 44 Stanley. Ku Cape Town kuli Mabu Vinyl, sitolo yodziwika kwa zaka zambiri. Ku Nairobi, mkati mwa Kenyatta Market, muli kasitolo nambala 570 ka James Rugami, amene wakhala akugulitsa mbale kuyambira 1989, ndipo kumeneko n'kumene okonda kanindo ndi rumba ayenera kufika. Opita ku London afunse Honest Jon's pa Portobello Road. Musananyamuke tsimikizani kuti malowa akadali pomwepo, monga ndanenera pa funso la foni.

Mukafika pa sitolo imodzi, funsani mwini wake masitolo ena awiri, komanso misika ya Loweruka kapena Lamlungu kumene anthu amayala katundu wakale. Masitolo ogulitsa zinthu zimene anthu apereka mwachifundo amakhalanso ndi mbale zotsika mtengo. Ngati ulendo wanu wagwa mu April, funsani za Record Store Day, Loweruka limene masitolo a mbale m'mayiko ambiri amachita chikondwerero chaka chilichonse kuyambira 2008. Mbale zimachuluka tsiku limenelo, koma anthunso amachuluka.

Ndiyang'ane chiyani pa mbale ndisanalipire?

Itulutseni m'chikuto, muigwire m'mphepete ndi zikhatho, chala chisakhudze mizere. Choyamba werengani pepala la pakati, muone ngati dzina likufanana ndi la pa chikuto, chifukwa m'katundu wakale mbale zimasinthana zikuto kawirikawiri. Kenako tulukani nayo pakhomo pali kuwala, muipendeketse uku ndi uku. Timizere tosaoneka bwino, tongokhala pamwamba, sitivuta kwenikweni. Koma pamene pakalika moti chikhadabo chimakodwa mukachiyendetsa pang'onopang'ono, pamenepo singano idzagunda nthawi iliyonse ikamadutsa, mwinanso kudumpha. Mzere wodula mopingasa ndi woipa, koma wotsata njira ya singano ndi woipitsitsa, chifukwa umabweza nyimbo malo amodzimodzi.

Ikwezeni mbaleyo ifanane ndi maso anu, muyang'ane m'mphepete ngati yapindika. Yopindika pang'ono imalira, yochita mafunde isiyeni. Mbale imene yatuwa m'mizere, yosawala ngakhale mwaipukuta, inalizidwa ndi singano yakutha, ndipo phokoso lake silichoka ngakhale muitsuke chotani. Nunkhizaninso chikuto. Kuyambira pamene namondwe wa Freddy anawononga mu March 2023, katundu wambiri wa m'maboma akum'mwera analowa madzi. Mbale yeniyeniyo, ngati ndi ya 45 kapena LP, madzi saiwononga, imatsukika, koma ngati pepala la chikuto linamatirira pa mizere n'kuuma, ntchito yake ndi yaikulu.

Nanga kaseti ndi CD? Ndidziwa bwanji kuti si yokopera?

Pa kaseti yang'anani pansi pamene tepi imaonekera. Kuseri kwa tepiyo kumakhala kansalu kakang'ono kokhala pa kachitsulo. Kakagwa, mawu amamveka ngati ali m'madzi. Lowetsani bolopeni pa bowo muzungulitse, muone ngati tepi ikuyenda mofewa, siinakwinyike ndipo ilibe madontho oyera a chuku. Kaseti yomangidwa ndi timasikuluu ndi yabwino chifukwa imatsekulika tepi ikaduka. Pa CD, kukalika kwa pansi nthawi zambiri kumapiririka, koma kwa pamwamba, mbali yolembedwa, n'koopsa. Iyang'anitseni ku kuwala, ndipo mukaona timabowo towala, nyimbo za pamenepo zinapita.

Nyimbo za m'Malawi zogulitsidwa movomerezeka zinkamatidwa kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso limene linayamba mu 1992. Poyamba kanali kapepala, kenako kanakhala konyezimira. Chikuto chodindidwa bwino, chokhala ndi mayina a situdiyo ndi wofalitsa, ndi umboni wina. Mtundu wa pansi pa CD wokha usakusokonezeni, chifukwa oyimba athu ambiri, makamaka makwaya, ankatulutsa nyimbo zawo zenizeni pa ma CD ojambulira pa kompyuta. Ngati woyimbayo ali moyo ndipo amagulitsa nyimbo zake, gulani kwa iye. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba imafika m'manja mwake tsiku lomwelo.

Mtengo woyenera ndi uti, ndipo n'kololedwa kunenerera?

M'misika ya kwathu mtengo woikika palibe, ndipo kunenerera ndi mwambo. Sankhani zonse zimene mukufuna kaye, muziike pamodzi, kenako mufunse mtengo wa mulu wonse. M'masitolo a kunja mtengo umamatidwa pa chikuto; mukagula zambiri mutha kupempha kuti akuchotsereniko, koma kulimbana pa mbale imodzi sikuoneka bwino.

Pa Discogs, tsamba la pa intaneti limene linayamba mu 2000, mutha kulemba dzina la woyimba kapena nambala ya pa pepala la pakati n'kuona mitengo imene ena anagulira. Likuthandizeni kudziwa ngati akukudulitsani, koma musalitenge ngati lamulo. Mitengo ya pamenepo ndi ya mbale zosamalika, zogulitsidwa kwa anthu a ndalama zakunja.

Zilembo monga NM, VG+ ndi G zimene amalemba pa mbale zimatanthauza chiyani?

Zimanena mmene mbale ilili. M ndi yosalizidwapo. NM ndi yokhala ngati yatsopano. VG+ yagwirapo ntchito koma imalira bwino, ndipo ndi imene ndimalangiza anthu kugula. VG imamveka kuthetheka pamene nyimbo yatsika. G, ngakhale chilembocho chikuimira mawu otanthauza yabwino, ndi mbale yotopa ndithu. Mukaona zilembo zalembedwa pawiri, monga VG+/VG, zoyamba ndi za mbale, zachiwiri ndi za chikuto.

Ndapeza agogo ali ndi sutikesi ya mbale m'nyumba. Ndigule bwanji mosawalakwira?

Apa m'pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Mbale zimenezo nthawi zambiri ndi za malemu, ndipo mwina anganga amene akuzisungawo sangazigulitse okha popanda ana kapena mwinimbumba kudziwa. Funsani kuti, "Anganga, kodi ana anu akudziwa? Ndingabwerenso mutakambirana?" Kubwerera opanda kanthu tsiku loyamba si kutaya.

Akavomera, perekani mtengo umene simungachite nawo manyazi ana awo atamva. Ngati mwaona mbale yosowa, monga ya Nzeru ija, nenani kuti iyi ndi yamtengo kuposa zinazi. Pali anthu amene amayenda m'midzi kutola mbale pa mtengo wa sopo n'kukazigulitsa kunja, ndipo khalidwe limeneli ndi limene lachititsa mabanja ambiri kutseka zitseko. Funsaninso mbiri yake: anagula ndani, kuti, chaka chanji, ankaliza pa zochitika zanji. Lembani pa kapepala muike m'chikuto. Ngati mungathe, jambulani nyimbozo muwabweretsere pa memori khadi, kuti banjalo lizimvabe pa wayilesi yawo.

Ndinyamule bwanji pa basi kuti zifike zamoyo?

Mdani ndi kutentha ndi kupsinjika. Basi yochokera ku Johannesburg imadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete isanafike pa Mwanza, ndipo kutentha kwa ku Tete aliyense amene anadutsako akukudziwa. Mbale zisalowe mu tirela kapena pansi pa basi pamodzi ndi mafiriji ndi matumba. Zikhale nanu pa mpando, zoimirira, zothinana, zitapanidwa ndi makatoni olimba mbali zonse ziwiri, kutali ndi windo la dzuwa. Kumbukirani kulemera: ma LP 20 ndi zikuto zake amayandikira makilogalamu 5. Za 78 muzikulunge iliyonse payokha ndi nsalu. Sungani malisiti kuti pa chipata a MRA akafunsa muwaonetse.

Pa minibasi yochokera ku Limbe, kondakitala asakulandeni katoniyo kuti aike kumbuyo kapena pansi pa mpando. Ifungatireni pamiyendo. Mukatsika n'kukwera kabaza, ikhale m'chikwama cha kumsana, osaimanga ndi mphira pa kaliyala.

Kuno kumagwa mvula yambiri. Ndisunge bwanji?

Chinyezi cha kuno, makamaka nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni, chimabweretsa chuku pa zikuto ndi pa matepi. Ikani mbale zoimirira pa shelefu yokwera, osati pansi pa simenti, osatinso motsamira khoma lakunja kapena pafupi ndi malata. Tsiku louma muzitsegula kabati mphepo ipite. Chiswe ndi mphemvu zimadya zikuto, ndiye muziyenderamo. Potsuka ya 45 kapena LP, tengani madzi oyera ndi kadontho ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya, pukutani ndi nsalu yofewa motsata mizere, pepala la pakati lisanyowe, ndipo iume pamthunzi. Pa mbale ya 78 musayerekeze kuthira sipiriti, imasungunula pamwamba pake.

Makina olizira ndiwapeza kuti, ndipo ndisamale chiyani?

Wokonza mawayilesi uja ndiye poyambira. Yesani makinawo ndi mbale imene mukuidziwa bwino, mumve ngati liwiro silikukwera ndi kutsika. Likamatero nthawi zambiri ndi lamba, ndipo lamba amasinthika. Funsani ngati singano yake imapezeka, ndipo mukapita kunja mugule ziwiri, chifukwa kuno n'zosowa. Makina ochokera ku South Africa ndi ku Britain amagwirizana ndi magetsi athu a 230V, kungosintha pulagi ngati n'kofunika. A ku America ndi a 120V, ndipo ena amazungulira molakwika ngakhale mutagula chotsitsira mphamvu. Makina ambiri akale amafunanso ampu (chokwezera mawu) yokhala ndi polowetsa polembedwa Phono, apo ayi mawu amamveka otsika kwambiri.

Galamafoni yopukusa pamanja ndi ya mbale za 78 zokha. Singano yake yachitsulo imayenera kusinthidwa pafupipafupi, ndipo mukaiika pa ya 45 kapena LP imalima mizere kamodzi kokha mbale n'kutheratu. Ma 45 ena ali ndi bowo lalikulu pakati, ndipo amafuna kapulasitiki kozungulira kotsekera; pemphani kamodzi kumene mwagula mbaleko.

Sindingathe kupita ndekha. Ndingatume m'bale amene ali kunjako?

Mungathe, koma mumupeputsire ntchito. Mulembereni dzina la woyimba, dzina la chimbale, kampani, ndi nambala ngati mwaipeza pa Discogs, komanso mtengo umene simukufuna kupitirira. Mutumizireni chithunzi cha chikuto. Akafika m'sitolo akujambulireni pepala la pakati la mbali zonse ziwiri ndi mbale ili pa kuwala, ndipo ngati pali poyesera akutumizireni mawu ake pa WhatsApp musanavomere. Muuzeni afunse wogulitsa chilembo chimene waipatsa, ndipo yotsika kuposa VG asatenge pokhapokha ili ya Mmalawi. Za kanyamulidwe muwerengereni zimene ndalemba pa funso la basi, ndipo ngati akutumiza kudzera mwa dalaivala, katoniyo ailembe mbali zonse kuti isagonekedwe ndipo pamwamba pake pasaikidwe kanthu.